Munthu Woyamba Kuchotsedwa m'Dziko la Sitichoka

M'dziko la Sitichoka munalibe mwambo wochotsa munthu pampando. Mfumu Chikhalire inakhala pampando wake anthu ambiri a m'dzikomo asanabadwe, ndipo nduna zake zinkachoka pa udindo pokhapokha zitanyamulidwa m'bokosi. Ngakhale wapampando wa komiti ya mjigo ankafera pa ntchito. Choncho pamene Kanema wa Ufumu anayambitsa masewero otchedwa Mpanda wa Maso, kunyumba yachifumu kunalibe amene anawerenga malamulo ake mpaka kumapeto. Anangomva kuti anthu khumi ndi awiri atsekeredwa m'nyumba imodzi, makamera aziwayang'ana usana ndi usiku, ndipo anati zimenezo n'zabwino, zikugwirizana ndi chikhalidwe chathu.

Lamulo lomaliza, limene sanaliwerengelo, linkati Lamulungu lililonse oonera azitumiza uthenga pafoni wotchula munthu mmodzi woti atuluke.

Wedisoni Kapalamula anali wokhoma ndowa ndi mbaula mumsika wa Zakwera, mumzinda waukulu wa Khalanipo. Anali munthu wofatsa, wopereka moni ngakhale kwa amene sanamugule. Okonza masewerowo anamutenga chifukwa ankafuna munthu mmodzi wa manja okhakhala pakati pa oimba, ovina ndi ana a sukulu zaukachenjede. Poti iye ndiye anali wamkulu pa onsewo, anzake anamusankha kuti akhale mkulu wa nyumba kwa sabata imodzi, ndipo anamupatsa kiyi wa chipinda chosungira chakudya.

Zimene zinatsatira dziko lonse linaziona. Poyamba Wedisoni anagawa shuga mofanana. M'mawa mwake anati shugayo azisunga yekha poopa nyerere. Kiyi uja anamumangirira pachingwe n'kumuvala m'khosi, ndipo ankasamba naye. Mnyamata wina dzina lake Jubeki, amene ankaseka nthabwala zake zisanathe, anamuika kukhala woyang'anira ndiwo, ndipo masaya a Jubeki anayamba kuwala. Mtsikana amene anafunsa kuti sopo wapita kuti anapatsidwa ntchito yotsuka chimbudzi chifukwa chosokoneza mtendere. Loweruka Wedisoni anakwera pampando pabalaza n'kulengeza kuti sabata imodzi ndi yochepa pa chitukuko chimene wayamba, ndiponso kuti anthu amupempha kuti apitirize. Jubeki anaomba m'manja.

Lamulungu mafoni a m'dziko lonse anatentha. Madzulo ake Wedisoni anali panja pa mpanda, m'khosi mulibe kanthu.

Atafika kunyumba, mkazi wake Nachisale anamuikira madzi kubafa, kenako anamukonzera tiyi. Shuga anamubweretsera m'kambale n'kuima pomwepo.

"Thirani nokha, bambo a Yamiko. Ine ndikuopa kulakwitsa muyezo."

Wedisoni anathira. Atamwa pang'ono anafunsa ngati ankaonera.

"Tinkaonera. Pakhonde pano pankadzaza. Alamu anu anachita kubwera kuchokera kumudzi."

"Nanga anthu anandida bwanji chonchi? Ine ndinkangofuna dongosolo."

"Sanakudeni," anatero Nachisale. "Anakuzindikirani."

"Inuyo munavotera ndani?"

"Inuyo."

"Kamodzi?"

"Mpaka batire linatha." Anakhala pansi n'kukonza chitenje chake. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wokhoma ndowa. Wa kiyi m'khosi uja sindikumudziwa. Ndinaopa kuti akakhalitsa m'menemo, ndi iyeyo amene adzabwere kuno."

Wedisoni anakhala masiku angapo osatuluka. Ankadzipeza akuyang'ana m'makona a denga kufuna kamera, ankakhala mowongoka ngakhale ali yekha, ndipo tsiku lina Nachisale anamupeza akuuza nkhuku kuti zinthu zisintha posachedwa. Koma mbaula sizidzikhoma zokha, choncho anabwerera kumsika.

Anthu a mu Zakwera sataya mawu pachabe. Palibe anamukuwiza. Mayi Eneresi, amene ankagulitsa tomato moyang'anizana ndi shedi yake, anangonyamuka, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Takulandirani, Mfumu Yopuma."

Dzinalo linamumatirira tsiku lomwelo. Pashedi pake pankadzaza anthu kuposa kale, koma ogula anali ochepa. Ambiri ankabwera kudzaima pafupi naye kuti anzawo awajambule. Bambo wina anaitanitsa ndowa yokhala ndi loko, nati akufuna kusungiramo shuga. Wedisoni anaikhoma ndowayo, popeza ntchito ndi ntchito, koma nyundo tsiku limenelo inkamulemera.

Pakati pa manyazi akewo anaona chinthu china. Anthu mumsika ankayenda mosiyana ndi kale. Ankatulutsa mafoni awo n'kumawayang'ana ngati akuwaona koyamba.

"Ine ndinangodina kamodzi," anatero wogulitsa makala, "munthu n'kutuluka."

"Ndiye zimatheka eti," anayankha mnzake.

Mawu akuti "zimatheka eti" anayenda m'mabasi, m'zigayo ndi m'mizere ya kuchipatala, mpaka anakwera phiri limene pamwamba pake pali nyumba yachifumu. Bwalo la nduna linaitanidwa mwadzidzidzi. Zimene zinakambidwa kumeneko Wedisoni anazimva monga mmene aliyense ankamvera zinsinsi za boma, kwa ophika a kunyumba yachifumu amene ankagula tomato kwa Mayi Eneresi.

A Pondani, Nduna ya Bata ndi Zibonga, anati njira ndi yophweka, mafoni onse alandidwe. Nduna zina zinakumbutsa kuti mwini kampani ya mafoni ndi mlamu wa Mfumu, ndipo maganizowo anafera pomwepo. Kenako anaimirira a Bwerezani, Nduna ya Zoti Anthu Amve, munthu wa mawu osalala amene ankatha kulengeza za chilala anthu n'kuyamba kufuna maambulera.

"Vuto si foni," anatero a Bwerezani. "Vuto ndi liwu. Munthu sangafune chinthu chimene alibe dzina lake."

Motero panatuluka lamulo loletsa liwu lakuti "kuchotsa" pamodzi ndi ana ake onse. M'malo mwake anthu azinena kuti "kupumitsa mwaulemu". Anthu khumi ndi mmodzi otsala mu Mpanda wa Maso anauzidwa kuti palibenso wotuluka mpaka chitukuko cha m'nyumbamo chitatha. Ponena za Wedisoni, boma linapeza kuti iye sanatulutsidwe ndi munthu aliyense, anatuluka yekha chifukwa cha msana.

Lamulolo linagwira ntchito msanga. Odwala mano ankapita kuchipatala kukapempha kuti dzino lipumitsidwe mwaulemu. Aphunzitsi a masamu anauzidwa kuti aziphunzitsa kuphatikiza kokha, ndipo ana anakhoza bwino chaka chimenecho. Mumsika ogula sankathanso kunena kuti "tichotsereniko pang'ono", moti Mayi Eneresi anati kuyambira ali mtsikana aka kanali koyamba kuti boma liwaganizire.

Tsiku lina m'mawa galimoto yakuda inaima kutsogolo kwa shedi ya Wedisoni. A Bwerezani anatsika atanyamula jekete pa mkono, nayang'ana benchi, koma sanakhalepo.

"A Kapalamula, mawa muli ndi msonkhano. Mudzauza anthu za msana wanu."

"Msana wanga uli bwino, bwana."

"Boma likudziwa bwino za msana wanu kuposa inu." Anamupatsira jeketelo. "Pali kankhani kenanso. A Pondani akufuna kudziwa amene anatumiza mauthenga aja. Akuti pali nambala imodzi imene inatumiza kuposa ena onse, mwini wake ayenera kuti ndiye mtsogoleri wa chipwirikiti. Sitinafufuzebe kuti ndi ya ndani. Ntchito yatichulukira. Mukayankhula bwino mawa, mwina ipitirira kutichulukira."

Galimoto itachoka, Wedisoni anakhala pa chitsulo cha njanji chimene ankakhomerapo malata. Ndende ya Mpumulo inali kuseri kwa msika, ndipo aliyense ankadziwa kuti nayonso inkatsatira mwambo wa dziko: wolowa sankachoka. Anaganiza za Nachisale ali mmenemo ndi chitenje chimodzi. Mkwiyo umene anali nawo pa iye chifukwa cha mavoti aja anaufunafuna mumtima, osaupeza.

M'mawa mwake anamukweza pa lole pakati pa msika, atavala jekete lomuthina m'khwapa. A Bwerezani anayankhula nthawi yaitali za mgwirizano, kenako anamupatsa chimkuzamawu.

"Abale anga," anatero Wedisoni, maso ali pa nsapato zake, "ine palibe anandi..." Anaima, poona kuti liwu lotsatira ndi loletsedwa. "Palibe anandipumitsa. Ndinatuluka ndekha. Msana."

Kenako Mayi Eneresi anayankhula ndi mawu achifundo, osakweza.

"Pepani ndi msanawo, Mfumu Yopuma. Ifenso tinaona kuti ukukuvutani. N'chifukwa chake tinakuthandizani."

Anthu anavomereza ndi mitu. Mkulu wina wosoka nsapato anakweza dzanja mwaulemu, ndipo a Bwerezani anamulola kufunsa.

"Ndimati ndidziwe, bwana. Kodi msana umenewu umagwira onse ovala makiyi, kapena umasankha?"

A Bwerezani anatseka msonkhano, ndipo masana omwewo Kanema wa Ufumu analengeza kuti anthu a mu Zakwera alandira uthengawo ndi manja awiri. Koma funso la wosoka nsapato nalonso linakwera phiri. Pasanathe sabata, asilikali awiri anabwera kunyumba kwa Wedisoni kudzanena kuti Mfumu ikumufuna.

Nachisale anamupindira bulangete n'kumuikira chinangwa chophika m'kapepala.

"Akakufunsani za nambala ija, muwauze," anatero. "Ndinadina ndine."

"Mundisungire madzi osamba," anayankha Wedisoni. Bulangetelo analitenga.

Kunyumba yachifumu Wedisoni ankayembekezera kuona munthu wamkulu ngati wa pa zithunzi za m'maofesi. Anapeza nkhalamba yaing'ono, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, itamira mumpando umene unali utatengera kale maonekedwe a thupi lake. Nduna zonse zinali zitaima motsatira khoma. Wedisoni anagwada, bulangete lili m'khwapa.

"Ndiwe uja?" inafunsa Mfumu.

"Ndine, Mwini dziko."

"Ndinkakuonera. Ine sindinaonepo cholakwika. Kiyi unkamusunga bwino. Mawu ako a Loweruka aja anali okhwima." Inagwedeza phazi m'madzimo. "Ndiye zinatheka bwanji?"

A Pondani anayamba kufotokoza za mafoni, koma Mfumu inakweza chala.

"Ndikufunsa amene anapitako. M'dziko lonse lino ndi uyu yekha amene akudziwa zakutsidyako." Inaweramira kutsogolo. "Zimapweteka?"

Wedisoni anazindikira kuti sanaitanidwe kudzaweruzidwa, ndipo mantha ake anasanduka chinthu china chofanana ndi chisoni.

"Zimapweteka, Mwini dziko."

"Pati?"

"Poyamba m'makutu, akamatchula dzina lako. Kenako m'khosi. Mumapepuka kwambiri, dzanja limangopita pamene panali kiyi."

"Kenako?"

"Kenako umagona."

"Kugona tulo?"

"Tulo teniteni. M'nyumba muja sindinkagona, ndinkangomvetsera ngati wina akuyenda chakuchipinda cha chakudya. Tsopano ndimadzutsidwa ndi dzuwa."

Pansi pa maso a Mfumu panali timatumba takuda.

"Nanga chakudya amakulawira ndani?"

"Palibe. Palibenso amene ali ndi chifukwa chothiramo kanthu."

"Anthu amakupatsa moni?"

"Amandipatsa, akuseka. Koma ndimadziwa kuti amene wandifunsa za kunyumba akufunadi kumva za kunyumba."

Mfumu inasisita chibwano. "Anakuvotera ndani?"

Wedisoni anamva maso a Bwerezani pamsana pake, msana womwe uja wodwala.

"Onse, Mwini dziko."

"Ndi a m'nyumba mwako omwe?"

"Foni ya mkazi wanga inathima tsiku limenelo. Batire."

Sanali kunama, ndipo mawu ake anatuluka mowongoka. Mfumu inagwedeza mutu, n'kuoneka kuti yakondwa kuti m'dziko mukadali akazi okhulupirika.

"Pa zonsezi, chinakupweteka koposa n'chiyani?"

Funso limeneli Wedisoni anali asanafunsidwepo, ngakhale ndi Nachisale, ndipo yankho lake linangotuluka lokha.

"Chikwama. Atatchula dzina langa, ndinatembenuka kuti ndikalongedze. Ndinapeza chikwama changa chili kale pakhomo, cholongedzedwa bwinobwino, nsapato zopolisha zili pamwamba."

"Analongedza ndani?"

"Jubeki. Uja ndinamupatsa za ndiwo."

"Woomba m'manja uja?"

"Yemweyo."

"Analongedza atamva dzina lako?"

"Mlonda wa pageti anandiuza kuti analongedza Lachisanu."

Mfumu inawerengera masiku chamumtima, nipeza kuti Lachisanu limabwera Loweruka lisanafike. Inatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana nduna zake mmodzimmodzi motsatira khoma. A Bwerezani, amene mwachizolowezi anali atayamba kale kukweza manja kuti aombe, anawasiya m'malere, kenako anawabisa kumbuyo.

"Iwe ndi munthu wabwino," inatero Mfumu pomaliza. "Anakulakwira. Ndikubwezera m'nyumba muja. Ukakhala mkulu wa nyumba moyo wako wonse, popanda Lamulungu."

Dzanja la Wedisoni linapita lokha pakhosi. Anakumbukira kuzizira kwa kiyi pachifuwa, bedi la pawindo, ndi mmene chipinda chinkakhalira chete iye akatsokomola. Anazifuna zinthu zimenezo, ndipo anachita manyazi poona kuti akuzifunabe chonchi. Anatsitsa dzanjalo n'kuligwiritsa bulangete.

"Ndathokoza, Mwini dziko. Koma msana. Boma linalengeza kale kuti ndikudwala."

Mfumu inayang'ana a Bwerezani, a Bwerezani anayang'ana beseni. M'dziko la Sitichoka zimene boma lalengeza sizibwezedwa, ngakhale ndi boma lomwe. Wedisoni analoledwa kupita. Anatsika phiri wapansi, akudya chinangwa chake.

Tsiku lotsatira utsi unaoneka pamwamba pa phiri. Mfumu inali italamula kuti zikwama zonse za kunyumba yachifumu ziwotchedwe, kuyambira masutukesi mpaka tizikwama ta m'manja ta akazi a nduna. Masana ake Kanema wa Ufumu analengeza kuti nduna zonse zapumitsidwa mwaulemu. Poti zikwama kunalibe, zinatuluka pageti zitamanga katundu wawo m'zitenje ndi m'majumbo. M'malo mwawo munalowa adzukulu a Mfumu, amene anauzidwa kuti aliyense woomba m'manja afufuzidwa. Nkhani ya nambala ija inapita ndi a Pondani, ndipo palibe anaitchulanso. Mu Mpanda wa Maso anthu khumi ndi mmodzi aja anapitirira kukhala, kiyi ali m'khosi mwa Jubeki, koma oonera anachepa, chifukwa anthu anati zoterezi amaziona kale popanda kuwononga magetsi.

Wedisoni anabwerera ku nyundo yake. Ojambula zithunzi anachepa, ogula mbaula anayamba kubwerera. Nachisale ankamubweretsera chakudya masana n'kukhala pang'ono pabenchi, ndipo shuga kunyumba ankathira aliyense.

Tsiku lina masana, Nachisale ali pomwepo, munthu wina anaima kutsogolo kwa shediyo. Anali wapansi, nsapato zili fumbi, shati lopanda tayi. Wedisoni anachita kuyang'anitsitsa kuti azindikire kuti ndi a Bwerezani. Ulendo uno anakhala pabenchi osayang'ana ngati pali dothi.

Mayi Eneresi anasiya tomato wawo, nanyamuka, napinda mawondo pang'ono.

"Takulandirani, Nduna Yopuma."

Anthu oyandikana anaseka chapansipansi. A Bwerezani anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo munalibe mawu okonzeratu. Anakhala akuyang'ana Wedisoni akupinda lata, dzanja lawo likupita pa thumba la shati pamene pankakhala baji ya unduna.

"A Kapalamula," anatero pomaliza, motsitsa mawu, "ndabwera kudzafunsa. Kunyumba foni siikulira. Oyendetsa galimoto yanga andidutsa pamsewu osaimika. Kulikonse kumene ndapita anthu akuseka. Inu mwadutsamo. Amasiya liti?"

Wedisoni anaika nyundo pansi. Anafuna kuwauza mawu otonthoza, koma sanafune kunama, popeza bodza la msana lija linali litamukwana. Akuganizabe, Nachisale anayankha akumanga mbale zake m'kansalu.

"Amasiya, bambo. Musadandaule. Amasiya akapeza wina."

"Wina ndani? Nduna zonse zapita kale."

Mayi Eneresi anayamba kusanja tomato amene anali wosanja kale. Wosoka nsapato anaweramira pa nsapato yake, wamakala anayang'ana m'thumba lake, Wedisoni anatola nyundo. Phiri la nyumba yachifumu limaoneka bwino lomwe kuchokera paliponse mumsika wa Zakwera, ndipo masana amenewo anthu onse anasamala kwambiri kuti asayang'aneko.